Kupuma Kwake Kuti?

Khalani pansi, abale anga, ndipo amayi a kwaya musayambe nyimbo ina. Mwaona nonse kuti tisanatsegule ndi pemphero, mayi wina watuluka muno mothamanga pamodzi ndi Atieno, mnzanga wa kuntchito. Ndaona makosi akutembenuka, ndiye bola ndikuuzeni ndekha kusiyana n'kuti muzikanong'onezana pa tiyi. Eni akewo andilola, dzina lokha ndi limene sinditchula.

Ndinaima pakhomo paja kulonjera anthu. Mayiwo atafika okha, ndinawafunsa kuti bambo ali kuti.

"Atsala akupuma," anatero. "Angobwera dzana kuchokera kumudzi. M'mawa uno anatuluka pang'ono, pobwera angofikira kuchipinda. Mkonono wake, ngakhale wailesi sikumveka."

Bambowo ndimawadziwa. Ndikudziwa chimene amatulukira pang'onocho, ndipo akazi awo akuchidziwanso. Atha miyezi iwiri kumudzi kumene zinthuzo kulibe. Ndiye Atieno wakwera takisi ndi mayiwo, ndipo foni yanga ndaiika patebulo pano pamene nonse mukuiona. Ikalira ndisiya kulankhula. Pakadali pano mundimvere, chifukwa tulo timeneto ine ndinagonapo.

Dzina langa ndine Fanuwelo, kwathu ndi ku Dowa. Ndinabwera ku Nairobi kuno zaka zija mafoni a m'manja anali a mabwana okhaokha. Ndinali ndi dipuloma ya zaumoyo, tayi pakhosi, ndi ofesi m'nyumba zosanja za ku Upper Hill. Ntchito yanga inali yolemba mauthenga a Edzi ndi kuphunzitsa anthu m'mahotela. Pakamwa pokha ndinalipo. Ndikaima kutsogolo n'kuyamba kufotokoza kuopsa kobwerekana jakisoni, anthu ankasiya masamusa awo n'kuomba m'manja. Mkazi wanga Agnesi ndi namwino, ndipo anapeza ntchito pa chipatala china cha komweko. Tinkakhala kuno ku Embakasi, fulati yachitatu kukwera m'mwamba, pamene ndege ikamadutsa makapu amalira okha m'kabati.

Lachisanu lina matatu amene ndinakwera, maminibasi a kuno aja, anawombana ndi lole pa msewu wa ku Mombasa. Ndinathyoka ntchafu. Kuchipatala ankandibaya petidini, ndipo madokotala sanalakwe, ululu unalipodi. Koma ndinene zoona pamaso pa Mulungu: pofika jakisoni wachitatu ndinali nditazindikira kuti sakungochotsa ululu wa mwendo wokha. Ankachotsa zonse, mantha a ntchito, kusowa kwathu, maliro a abale amene ndinalephera kupitako. Nditatuluka ndinkapempha mapilisi. Atayamba kundikaniza ndinkanama. Mabodza atatha, ndinakumana ndi Yohane.

Yohane anali wa ku Balaka, dalaivala wa malole a ku Athi River, munthu wa nthabwala amene ankaseketsa anthu ngakhale pa maliro. Anandiona pa msonkhano wa a Malawi ngati uno ndikutuluka thukuta pamene ena onse anali m'majuzi. Anandikokera pambali n'kunena, "Achimwene, matenda anuwa ndimawadziwa. Mankhwala ake sagulitsa ku famase."

Anandionetsa heroyini, imene kuno amangoitcha unga, ndiye kuti ufa. Poyamba tinkasuta wofiirira uja mu ndudu. Kenako m'tauni muno munalowa woyera, wosavuta kusungunula, ndipo ine mphunzitsi wa za majakisoni ndinapezeka ndili m'chimbudzi cha ku ofesi, malaya nditapinda, lamba ndamanga pamkono. Ndikatuluka mmenemo ndinkakonza tayi n'kukamaliza phunziro. Agnesi atandimva pafoni ndikunena za unga, anaseka kuti, "Bambo, ufa ulipo wodzaza ndowa." Anaseka kawiri kokha. Kachitatu anangondigwira mkono n'kupinda malaya yekha.

Tsopano mverani za Yohane, chifukwa nkhani imeneyi ndinaibisa nthawi yaitali.

Anamangidwa pa mlandu wa pamsewu, n'kukhala m'ndende miyezi itatu. Atatuluka anandiitana ku Athi River kuti tikasangalale. Linali Loweruka masana, dzuwa lili phwee, fumbi la simenti lili mbuu pa chilichonse. Ankakhala m'kachipinda kuseri kwa sitolo. Tinabaya. Iye anayeza muyezo wake wakale, umene ankabaya asanamangidwe.

Ine ndinatsitsimuka cha m'ma 3 koloko. Yohane anali gada pabedi akuliza mkonono. Abale, mkonono wa munthu wotopa mumaudziwa, umapita n'kubwera ngati macheka. Uwu sunali wotero. Ankakoka kamodzi, kenako zii, nthawi yaitali mpaka iwe kuganiza kuti basi, kenako kukhosi n'kumveka ngati madzi akutsika mu sinki yotsekeka. Ndinaumva ndi makutu angawa. Ndinali ndikumanga nsapato, maganizo ali pa matatu, kuti ndikafike kunyumba Agnesi asanaweruke.

Panabwera mkulu wina wa ku Mangochi amene ankayenda naye pa lole. Anaima pakhomo, anamuyang'ana Yohane, n'kundifunsa, "Akupuma awa?"

Ine ndinati, "Akupuma, asiyeni."

Mpaka lero sindidziwa kuti mkulu uja ankafunsa kupuma kuti. Anzathu a kuno ali ndi mawu awiri. Munthu akamakoka mpweya amati anapumua, akagona kuti atsitse kutopa amati anapumzika, ndipo sungasokoneze. Ife tili ndi liwu limodzi lokha, ndipo ine ndinabisala m'kati mwake. Tinatuluka tonse awiri, ndipo ndine amene ndinakoka chitseko pang'onopang'ono kuti chisamudzutse.

Anamupeza m'mawa mwake atauma. Tinauza anthu kuti ndi mtima. Ena a inu munalipo pa mwambo womutsanzika, ndipo mukukumbukira kuti ndine ndinayambitsa nyimbo. Ndinanyamula nawo bokosi mpaka ku malo a katundu pa bwalo la ndege apa, pamene anamuyeza pa sikelo ngati thumba la nyemba n'kumumata pepala. Kuyambira tsiku limenelo ndege iliyonse ikamadutsa pa denga lathu ndinkayang'ana kumimba kwake, kumene amaika mabokosi.

Mukuganiza kuti ndinasiya? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, mwambiwo ndinkaudziwa, koma Lolemba lake ndinali m'chimbudzi chomwe chija. Amene anandiimitsa ndi Agnesi. Anali ndi pathupi, ndipo anandiuza maso ali gwa kuti mwana wake sadzakwawa pamene pali majakisoni. Ndinapita kumalo ena a mpingo kupitirira Athi River kumene amasunga anthu ngati ine. Ku ofesi ndinanama kuti ndikukachiritsa mwendo. Ndinakhalako miyezi itatu, ndipo ndinabwerako nditanenepa, Baibulo lili m'khwapa, aliyense akuti Mulungu ndi wamkulu.

Ndinapeza mwana wathu Tadala atabadwa, ndipo apongozi anga, anaBanda, atabwera kuchokera ku Dedza kudzathandiza kulera.

Inu amene munakulira m'tauni mwina simudziwa kuti apongozi enieni amakhala bwanji ndi mkamwini. Fulati yathu inali ya zipinda ziwiri ndi kanjira kamodzi kopapatiza. AnaBanda asanatuluke m'chipinda mwawo ankayamba atsokomola kuti ndidziwe. Tikakumana mwangozi m'kanjiramo ankatembenukira kukhoma mpaka nditadutsa. Sankadya pamene ine ndili. Ngakhale nditakhala pompo, ankalankhula ndi mwana wawo: "Agnesi, afunse akamwini ngati madzi osamba afunda." Dzina langa sanalitchulepo chikwatireni mwana wawo. M'chipinda mwathu sanapondemo, moti matewera a mwana akatsalira mmenemo ankadikira Agnesi aweruke. Anansi athu a ku Kenya ankaganiza kuti tinayambana. Agnesi ankawaseka amayi akewo kuti, "Amayi, kuno ndi ku Nairobi." Iwo ankangoti, "Ndege inandinyamula ndi mwambo wanga womwe."

Chakudza sichiimba ng'oma. Panalibe chimene chinandikhumudwitsa tsiku limenelo, panalibe ndewu, panalibe uthenga woipa. Linali Lachiwiri m'mawa, masabata awiri asanakwane chibwerereni. Ndinatuluka kukagula buledi, miyendo n'kundipititsa ku njanji kumene amagulitsa unga. Ndinadziuza kuti kamodzi kokha, kotsanzikana. Ndinagula kapepala kamodzi, n'kugulanso buledi kuti ndisabwerere chimanjamanja.

Ndinkadziwa kuti munthu akasiya kwa kanthawi thupi limaiwala, moti muyezo wa kale umasanduka wakupha. Ndinaziwerenga m'mabuku, ndinazionanso pa Yohane. Komabe ndinayeza muyezo wanga wakale. Ndinalowa kuchipinda cha m'ma 11 koloko n'kutseka chitseko. Sindinakiye, kiyi wake anatayika kalekale, ndipo sindinamufunenso. M'nyumbamo munali apongozi okha ndi khanda, ndiye ndinadziwa kuti palibe angatsegule.

Zotsatirazi sindinazione. Anandiuza ndi Agnesi, amene anazimva zonse pafoni.

Agnesi ankaimba foni ya m'nyumba tsiku lililonse nthawi ya nkhomaliro kufunsa za mwana. Foniyo inali ya chingwe, pabalaza, ndipo chingwe chake sichinkafika kuchipinda.

"Amayi, Tadala wamwa mkaka?"

"Wamwa, ali kumbuyo kuno."

"Nanga bambo ake?"

"Ali kuchipinda, akupuma."

"Chabwino, asiyeni apume."

Agnesi akuti foni inali itachoka kale pakhutu pamene anamva amayi ake akuwonjezera mawu.

"Koma mkonono wake sindikuukonda. Ukufanana ndi wa bambo ako tsiku lija."

Bambo ake a Agnesi anamwalira ndi sitiroko, ndipo anaBanda ndi amene anakhala pambali pawo tsiku lonse lomaliza. Za unga sankadziwa kalikonse, koma kaliridwe kameneko khutu lawo linali litakasunga.

"Amayi, ndikufunsa za mpweya. Akupuma mpweya?"

"Ndingadziwe bwanji ine? Chitseko n'chotseka."

"Tsegulani mulowe."

Amayi ake anati, "Iwe mwana, ukudziwa chimene ukunena?"

Anaika foni patebulo osaidula. Agnesi anamva mapazi akupita, kenako kugogoda kwapansipansi. "Odi. Odi kuno, akamwini." Anaodira katatu, ngati mlendo wopempha moto. Mapazi anabwerera.

"Sakuyankha. Ndikaitane a pansipa?"

"Simudziwa Chiswahili, amayi, pofika muwamvetse adzakhala atapita. Mnzanga pano akuimbira bambo wa takisi amene timamudziwa pa foni ina. Inu lowani."

"Mwina avula. Ndikaona zosayenera, ndidzakhala bwanji pamaso pa anthu?"

"Mudzakhala ndi mkamwini wamoyo. Mukapanda kulowa, mukwera ndege imodzi ndi bokosi lake."

Abale anga, chitseko chija chinali chosakiya. Mwana wa zaka ziwiri akanachikankha. Chimene chinachigwira ndi ulemu, ndipo ulemuwo unali weniweni, wa mayi amene ankandilemekeza kuposa mmene ndinkadzilemekezera. Mphindi zimene anaima pamenepo akulimbana ndi mtima wawo, ine mpweya unali ukutha.

Agnesi anamva chitseko chikulira. Patapita kanthawi mapazi anabwera mofulumira.

"Milomo yatuwa ngati phulusa. Ndawagwedeza ndi tsache, sakudzuka."

"Tayani tsachelo, agwireni ndi manja. Pindani zala mupekese mwamphamvu pa fupa la pachifuwa. Akapanda kudzuka, apendeketseni mutu chagada, atsineni mphuno, muwauzire mpweya pakamwa. Muwerenge mpaka faifi, muuzirenso. Musasiye."

"Pakamwa pa ndani?"

"Pakamwa pawo, amayi."

"Ambuye ndikhululukireni," anatero, ndipo foni inagundanso patebulo.

Anavula duku, mayi amene sindinaonepo tsitsi lawo, n'kuliyala pakamwa panga kuti pakhale kansalu pakati. Anagwada pabedi la mwana wawo, mdzukulu ali kumbuyo. Agnesi anaima m'wodi, foni ili pakhutu, akumva chapatali kuuzira, kuwerenga, kuuzira, khanda likulira. Akuti nthawi ina kuwerenga kunasiya. Kenako anamva mawu a amayi ake, aukali, amene ankakalipira nawo mbuzi zikalowa m'dimba.

"Iwe Fanuwelo. Puma, chitsiru iwe. Puma."

Agnesi akuti sankadziwa n'komwe kuti amayi ake amatha kulitchula dzinalo.

Bambo wa takisi anabwera ndi anthu awiri, n'kunditsitsa masitepe onse aja atandinyamula. AnaBanda anakwera nane kumbuyo ndipo anapitiriza kundiuzira mpaka pa geti la chipatala. Kumeneko anandibaya jakisoni wotchedwa nalokisoni, amene amathamangitsa unga m'thupi kwa kanthawi. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinadzuka ndikuyamika Mulungu. Ndinadzuka ndikusanza, mafupa onse akuwawa, ndikutukwana namwino kuti wandionongera zinthu zanga. Umu ndi mmene ndinalili, ndipo ndimachita nazo manyazi mpaka pano.

Madzulo ake mutu utakhazikika, ndinaona anaBanda atakhala pampando pakona, duku lili kumutu, nkhope atalozetsa kukhoma monga mwa masiku onse. Agnesi anaima pakati pathu. AnaBanda ndi amene anayamba kulankhula.

"Agnesi, auze akamwini kuti mpweya umene ali nawowo ndi wanga. Ndautulutsa m'chifuwa chokalamba ichi. Asakautayenso kudzala."

Ndinalira ngati mwana, ndipo sindinalirepo chotero ngakhale pa maliro a Yohane.

Njira yobwerera sinali ya nyimbo ayi. Ndinayamba ndi kupita ku Upper Hill kukanena zoona. Ananditsanzika mwaulemu, ndipo sanalakwe. Kenako ndinabwerera kumalo kuja, ulendo uno kwa nthawi yaitali, osathamangira kutuluka kuti anthu andione ndanenepa. Nditatuluka ndinalowa m'kagulu ka anzanga a vuto lomweli, timakumana mpaka lero. Ndinagwanso kamodzi, sindikubisirani, koma ndinanena tsiku lomwelo, ndipo Agnesi anazula chitseko cha kuchipinda n'kupachika katani. Chinakhala pakhonde chaka chathunthu, alendo n'kumadabwa.

Chovuta kuposa zonse chinali cha ku Balaka. Titapita kumudzi pa tchuthi, ndinakafika kwa mkazi wa Yohane n'kumuuza kuti sunali mtima, kuti ndinalipo, ndi zimene ndinayankha pakhomo paja. Anandimvetsera mpaka kumapeto akusenda chinangwa. Kenako anafunsa funso limodzi lokha: "Ndiye chitsekocho munatseka bwinobwino?" Anatola beseni lake n'kulowa m'nyumba. Sanandikhululukire, ndipo sindinapitire zimenezo.

AnaBanda anabwerera ku mwambo wawo ngati palibe chinachitika. Sanatchulenso dzina langa kufikira tsiku limene anamwalira. Koma miyezi yonse imene anakhala nafe, ndikangogona masana ndinkamva kutsokomola kuseri kwa katani, kenako iwo akulankhula ndi khanda limene linali lisanayambe n'kulankhula komwe: "Tadala, afunse bambo ako, kupuma kwake kuti?" Ine ndinkayankha, "Tadala, auze agogo kuti kwa mpweya." Akamva zimenezo, mapazi ankabwerera kukhitchini.

Atieno anandipeza ku kagulu kaja. Ndi namwino amene anasiya wodi chifukwa anatopa kulandira anthu atafa kale, n'kuyamba kuwatsata kumene amabayira. Ndinamuonetsa dipuloma yanga. Anaiyang'ana n'kunena kuti pepalalo tidzalembera malipoti, koma chimene akufuna ndi zipsera za pamikono yangayi, chifukwa kunjanji palibe amamvera munthu wa tayi. Anandiphunzitsa ntchito kuyambira pansi, ndipo ine amene ndinkaphunzitsa m'mahotela ndinazindikira kuti sindinkadziwa ngakhale kugoneka munthu chammbali.

Ntchito yake ndi iyi. M'mawa timavala nsapato zolimba n'kupita kumene anthu ena amadutsa atagwira mphuno, m'mbali mwa njanji, pansi pa milatho, ku Athi River kumene malole amaima. Sitipita kukalalikira, ndipo sitipita ndi apolisi. Timakhala pansi, timamanga mabala, timafunsa kuti uje sanaoneke bwanji dzulo. Amene watopa timamuperekeza ku chithandizo. Amene sanatope timamuphunzitsa kuti akhale moyo mpaka tsiku limene adzatope, chifukwa wakufa sasiya unga. Amene timawalondalonda kwambiri ndi ongotuluka kumene kundende, kuchipatala, kapena ongobwera kuchokera kumudzi. Anthu amasangalala kuti uje wachira, ife m'pamene mtima umakhala m'mwamba.

Ena amatinena kuti tikulimbikitsa uchimo. Ndinamvapo mawu amenewo muno momwe, pa tiyi, ndipo amene ananena akudzidziwa. Ine sindikwiya msanga masiku ano, koma ndimafunsa kuti anaBanda aja ankalimbikitsa chiyani pamene ankandiuzira mpweya. Timaika maliro ambiri pa ntchito imeneyi, ndipo ena mwa iwo ndi anthu amene dzulo lake tinaseka nawo. Koma alipo amene ndimakumana nawo m'matatu atanyamula ana awo, ndipo timangogwedezerana mitu. Achinyamata amene mukufuna ntchito ya zaumoyo, musamangoyang'ana nyumba zosanja zija. Madalaivala a kwathu akudutsa kuno sabata iliyonse, ena akugona m'tizipinda ta ku Athi River, ndipo wolankhula Chichewa pa ntchitoyi ndilipo ndekha.

Tsopano inu amene muli ndi munthu wotere kunyumba, kaya ndi mwamuna, kaya ndi mwana wamkulu, kaya ndinu nokha mwabisala m'jekete labwinolo, gwirani izi. Munthu wa unga kapena mapilisi amphamvu akamaliza mkonono wodukizadukiza, si tulo. Musaodire katatu. Lowani, muitaneni ndi dzina, mugwedezeni, mupekeseni pa fupa la pachifuwa. Onani milomo ndi zikhadabo ngati zatuwa. Akapanda kudzuka ndipo mpweya ukuchedwa, muuzireni monga anachitira anaBanda. Ngati mpweya ukuyenda, mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwe. Musamuthire madzi, musamumwetse mkaka, musamubaye mchere, zonsezo ndi nthano za kunjanji. Thamangani naye kuchipatala ndipo mukanene zoona kuti wabaya chiyani, chifukwa jakisoni uja ali kumeneko. Akadzuka n'kuyamba kukutukwanani, musamusiye yekha, jakisoniyo amatha mphamvu unga usanathe m'thupi. Ndipo iwe amene ukubaya, ngati sungathe kusiya lero, usabaye uli wekha, usakiye chitseko, ndipo ukakhala kuti unasiya kwa kanthawi, dziwa kuti muyezo wako wakale ndi umene unapha Yohane.

Ife a Malawi timaopa manyazi kuposa manda. Timati anthu adzati chiyani, ku ofesi akamva, kumpingo akamva, kumudzi akamva. Ine ndinanyamulapo bokosi, ndikuuzeni chimene anthu amanena. Amanena kuti ndi mtima, amaimba nyimbo ziwiri, kenako amafunsana kuti matatu a ku tauni akwerera pati.

Dikirani. Foni ija ndi imeneyo.

Halo, Atieno. Apatseni mayiwo foni, ndimve kwa iwo. Mayi, ndine Fanuwelo. Mwawapeza? Akupuma? Ayi mayi, musandiyankhe choncho. Kupuma kwake kuti?

Chabwino. Musalire, gwirani mutu wawo monga akukuuzirani Atieno. Musawasiye okha ngakhale atakuthamangitsani. Ndikubwera komweko.

Abale, awapeza pansi pambali pa bedi, milomo itatuwa kale. Atieno wawauzira mpweya njira yonse, ndipo panopa akulowa nawo pa geti la chipatala. Mpweya ulipo, wochepa, koma ulipo. Za mawa sindikudziwa, ndipo sindikulonjezani. M'nyumbamo munali mlamu wawo, anakhala pabalaza m'mawa wonse akuumva mkononowo. Anatsitsa wailesi kuti asawasokoneze.

Ine ndathera pomwepa, nditenge jekete langa. Abusa atitsekera ndi pemphero, koma ndikuona nkhope ziwiri zitatu muno zimene zasintha chiyambire kulankhula. Sindikulozani chala. Ngati mwasiya munthu kunyumba akupuma, musadikire ameni. Nyamukani pompano, palibe akuyang'aneni, ndipo mukafika musagogode.